Michelangelo sankajambula ulere, anzanga

Pali kalankhulidwe kena kamene kamanditopetsa anthu akamakamba za Leonardo da Vinci ndi Michelangelo. Amangoti anali anthu obadwa ndi mphatso, nkhani n'kuthera pomwepo, ngati kuti tsiku lina anangodzuka m'mawa, kusukusula, n'kuyamba kujambula angelo kudenga. Mphatso anali nayo, palibe angakane. Koma ine ndimati chimene chinadzaza Italy wa m'zaka za m'ma 1400 ndi 1500 ndi zithunzi komanso ziboliboli zimene anthu akuimirirabe pamzere kuti akazione, ndi ndalama, mapepala a mgwirizano, ndiponso ogula ovuta kuwakhutiritsa.

Tamvani izi. Mu 1485, mkulu wa nyumba yolerera ana otayidwa mumzinda wa Florence, yotchedwa Spedale degli Innocenti, anagwirizana ndi mmisiri Domenico Ghirlandaio kuti ajambule anzeru a kum'mawa akugwadira Yesu wakhanda. Zimene anagwirizanazo zinalembedwa, ndipo mawu ake akudziwikabe. Ghirlandaio ajambule ndi dzanja lake, asangosiyira anyamata ake. Utoto agule ndi ndalama za m'thumba mwake. Amalize m'miyezi 30, ndipo akachedwa alipire chindapusa cha ndalama zagolide 15, zimene ankazitcha ma florin. Malipiro ake akhale ma florin 115, koma pokhapokha Fra Bernardo, amene analemba mgwirizanowo, ataona kuti chithunzicho n'choyeneradi mtengowo, ndipo akakayikira ali ndi ufulu wokafunsa wina wodziwa. Anafika mpaka polemba mtundu wa utoto wa buluu woti agwiritse ntchito ndi mtengo wake.

Za buluuyo musazione mopepuka. Buluu wapamwamba ankachokera ku mwala wa lapis lazuli wokumbidwa kumapiri a ku Afghanistan, umene unkayenda ulendo wautali mpaka kufika padoko la Venice, n'kukaperedwa kukhala ufa. Unali wodula koopsa. Panalinso buluu wina wotsika mtengo wochokera ku Germany, ndipo mmisiri wakuba akanatha kuzembetsa ameneyu. N'chifukwa chake wogula ankalemberatu. Ndiye mukamaona Mariya atavala chovala cha buluu wowala pa zithunzi za nthawi imeneyo, dziwani kuti kupatula ulemu kwa mayi wa Yesu, panalinso munthu wachuma amene ankafuna kuti tchalitchi chonse chione kuti sanaumire.

Patangopita zaka zitatu, mu 1488, mnyamata wa zaka 13 analowa m'shopu ya Ghirlandaio yemweyo kudzaphunzira ntchito. Mnyamatayo anali Michelangelo. Nayenso Leonardo anakulira m'shopu ya Andrea del Verrocchio. Ana ophunzira ntchito m'mashopu amenewa ankayamba ndi kupera utoto, kukonza matabwa ojambulapo, kusakaniza pulasitala ndi kukopera zojambula za bwana wawo. Sizikusiyana ndi mnyamata wa pagalaja amene amatha chaka akutsuka masipanala asanaloledwe kutsegula injini. Shopu yotere sikanakhalapo popanda maoda obwera mwezi ndi mwezi, ndipo popanda shopu, mwana waluso akanakaphunzira kuti?

Nkhani imene imandisangalatsa kwambiri ndi ya chiboliboli cha Davide. Chimwala cha mabo chimene anasemapo chinachokera ku Carrara, ndipo sanayambe kuchigwira ndi Michelangelo. Mu 1464 anachipereka kwa Agostino di Duccio, amene anangosemako pang'ono cha kumiyendo n'kuchisiya. Mu 1476 anayesa Antonio Rossellino, osapita patali. Chimwalacho chinangogona pabwalo la akuluakulu oyang'anira ntchito za tchalitchi chachikulu cha Florence, mvula ndi dzuwa zikuchimenya, kwa zaka zinanso 25. Tsono akuluakulu amenewa sanali ansembe ayi. Ntchito za tchalitchicho zinali m'manja mwa bungwe la amalonda a nsalu za ubweya wa nkhosa, anthu owerengera khobidi lililonse. Mwala unali utagulidwa kale, ndipo kuuona ukungowonongeka kunkawapweteka mumtima. Mu 1501 anaupereka kwa Michelangelo, ali ndi zaka 26, n'kumamulipira mwezi ndi mwezi. Anayenera kutulutsa munthu m'mwala wopyapyala umene anzake anali ataubowola kale. Pofika 1504, panaima Davide wotalika mamita opitirira asanu.

Ndiye onani zimene zinachitika atamaliza. Poyamba chibolibolicho chinayenera kukwezedwa pamwamba pa tchalitchi, koma anaona kuti n'cholemera komanso n'chokongola kwambiri kuti chikabisike m'mwamba. Anaitanitsa msonkhano wa amisiri, Leonardo ndi Sandro Botticelli ali momwemo, kuti akambirane poti achiike. Mapeto ake chinakaima pakhomo la nyumba ya boma la mzindawo, ndipo kuchikoka kukafika kumeneko kunatenga masiku anayi. Mzinda wathunthu kutsutsana za malo oimika chiboliboli! Kwa ine umenewu ndi umboni woti anthu a ku Florence ankaona luso ngati katundu wa mzinda, wofunika kumulipirira ndi kumukangana.

Ndikudziwa kuti ena anena kuti ndalama zimapha luso, kuti munthu wojambula zimene wauzidwa ndi waganyu chabe. Chabwino, koma denga la tchalitchi cha Papa chotchedwa Sistine Chapel ku Rome, limene aliyense amalitchula, linali ntchito imene Michelangelo sankaifuna n'komwe. Iye ankadziona ngati wosema miyala, ndipo mtima wake unali pa manda aakulu amene Papa Julius II anamutuma kuti amukonzere. Papa anasintha maganizo n'kumupatsa denga. Kuyambira 1508 mpaka 1512 anagwira ntchito ali chiimire pansanja, khosi litapindikira kumbuyo, utoto ukumudonthera kumaso, mpaka analemba ndakatulo yodandaula za thupi lake lopindika. Kajambulidwe kake kanali kopaka utoto pa pulasitala wosauma, choncho tsiku lililonse ankamata gawo lokhalo limene akanatha kumaliza lisanaume. Ukalakwitsa, kugumula n'kuyambiranso. Anakangana ndi Papa za malipiro, Papa naye ankangomufunsa kuti amaliza liti. Zonsezo zili apo, dengalo ndi lija.

Sindikunena kuti ndalamazo zinali zoyera. A banja la Medici la ku Florence, amene ankalipirira amisiri ambiri, analemera ndi banki imene Giovanni di Bicci de' Medici anayambitsa mu 1397, nthawi imene mpingo unkaphunzitsa kuti kubwereketsa ndalama pa chiwongoladzanja ndi tchimo. Pamene mwana wake Cosimo ankathira chuma pomanganso nyumba ya ansembe ya San Marco, mmene mmisiri Fra Angelico anajambula m'tizipinda togona, zinali zoyeretsa dzina pamaso pa anthu ndi pamaso pa Mulungu. Ku Rome zinafika poipa. Zina mwa ndalama zomangira tchalitchi chatsopano cha St Peter zinkachokera kwa anthu wamba amene ankagula zikalata zowachepetsera chilango cha machimo, ndipo malonda amenewa ndi amene anakwiyitsa Martin Luther mu 1517. Munthu ukhoza kusirira mwala wosemedwa bwino uku ukudziwa kuti amene anaulipirira sanali mngelo.

Nanga Leonardo, amene anthu amamutenga ngati mfumu ya onse? Kalata imene analembera Ludovico Sforza, wolamulira wa ku Milan, pofunsira ntchito, inadzaza ndi milatho yonyamulika, mizinga ndi zida zina zankhondo. Zoti amathanso kujambula anazitchula chakumapeto, chifukwa ankadziwa chimene bwanayo angalipire. Koma pa nkhani yosunga pangano, bamboyu anali mutu wowawa. Mu 1481 ansembe a ku San Donato a Scopeto anamupatsa ntchito yojambula chithunzi cha paguwa. Anachiyamba, n'kuchisiya chosamaliza, ulendo wa ku Milan. Ansembewo anadikira mpaka anatopa, n'kupereka ntchitoyo kwa Filippino Lippi, amene anawapatsa chithunzi chawo mu 1496. Ku Milan nako, gulu lina la mpingo linagwirizana naye mu 1483 za chithunzi cha Mariya ali pakati pa matanthwe, ndipo mkangano wa malipiro unatenga zaka pafupifupi 25. Ambiri amati n'chifukwa cha mpungwepungwe umenewo kuti lero chithunzicho chilipo pawiri m'nyumba zoonetseramo zithunzi, china ku Louvre ku Paris, china ku National Gallery ku London. Zithunzi zonse zimene akatswiri amagwirizana kuti ndi za Leonardo sizifika 20, ndipo zingapo mwa izo n'zosamaliza.