Tikusuta utsi tili chete, ndiye tikadandaula kwa yani?

Ana anga, lero ndikudzudzulani, mukwiye musakwiye. Mano anditsalira ochepa mkamwamu, ndiye sinditaya nthawi ndi kukometsera mawu.

Lachitatu lapitali chakumadzulo, mnyamata wa nyumba yoyandikana nafe anayatsa moto padzala. M'dzalamo munali majumbo, mabotolo apulasitiki, matewera a mwana, ndipo pamwamba anaponyapo tayala lakutha la njinga yamoto kuti moto ugwire bwino. Atayatsa analowa m'nyumba kukaonera mpira. Utsi wakuda bii uja unadumpha mpanda n'kulowa m'chipinda chomwe amagona mdzukulu wanga wa zaka 6, yemwe ali ndi mphumu. Usiku wonse pachifuwa pake pankalira ngati wezulo. Kutacha tinakakhala pamzere kuchipatala, ndipo pabenchi lomwelo panali amayi ena atatu, ana awo akubanika chimodzimodzi. Nditabwerako ndinamuitana mnyamatayo. Yankho lake linali lakuti, “Nanga agogo, zinyalalazi ndizitani? Galimoto ya khonsolo munaiona liti kuno?”

Ndinapsa mtima, koma funso lakelo linandikhala pakhosi. Analakwa, zimenezo sitingakangane. Koma bwanji funso labwino chotere akulifunsa ine nkhalamba yopanda ofesi, osakalifunsa khansala yemwe anamuvotera? Matenda athu ali pamenepa. Timaononga mpweya ndi manja athu, kenako amene timawalipira kuti auteteze timawasiya agone tulo tabwino.

Mwina mukuganiza kuti mpweya wabwino ndi chifundo cha boma. Ayi ndithu, ndi ngongole. Gawo 13 la malamulo aakulu a dziko lino limauza boma kuti lisamale chilengedwe, lipatse anthu malo abwino okhalamo ndi ogwiramo ntchito, ndiponso likumbukire ufulu wa mibadwo yomwe isanabadwe. Mu 2017 aphungu anavomereza lamulo la Environment Management Act, lomwe limanena poyera kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wokhala pamalo aukhondo, ndipo ndi lomwe linabala bungwe loteteza chilengedwe la MEPA. Malamulo tili nawo, okongola kwabasi. Chosowa ndi anthu oti akagogode pachitseko.

Taonani nkhani ya majumbo. Mapulasitiki opyapyala, osafika ma micron 60, analetsedwa mu 2015. Makampani opanga anathamangira kukhoti, ndipo mu 2019 khoti la Supreme linati chiletsocho chikhale. Iwo anabwereranso kukhoti, nkhani n'kumakokedwa chaka ndi chaka. Eni mafakitale sanatope kumenyera phindu lawo. Nanga ife eni mapapo? Tinkalandira chipisi chamoto kuchokera pachiwaya m'kajumbo komweko, tikatha kudya n'kukaponya m'ngalande, ngalande ikatsekeka n'kumati mvula ya masiku ano ndi yankhanza.

Inu oyendetsa magalimoto, mukukumbukira msonkho wa carbon, uja wa utsi wa galimoto, umene unayamba mu 2019? Munang'ung'udza sabata imodzi pa Facebook, kenako zii. Ndani mwa inu anafunsapo phungu wake kuti ndalama imeneyo yasonkhanitsidwa yochuluka bwanji, ndipo yagwira ntchito yanji? Munthu ukapereka ndalama ya chipereganyu umawerengera tsiku lolandira. Ya boma yokha ndiye timaiponya ngati mwala m'dziwe. Ndipotu minibasi yotulutsa utsi ngati uvuni wa njerwa ikudutsabe pamsewu ili ndi chiphaso cha COF, chotsimikiza kuti galimoto ili bwino, pagalasi, ife tili mkatimo titatseka mphuno ndi mpango, wina osayankhula.

Pa makala ndiyankhula mosamala, chifukwa nanenso mbaula ndili nayo. Mabanja oposa 9 mwa 10 alionse m'Malawi muno amaphikira nkhuni kapena makala, ndipo si chifukwa chokonda utsi. Gasi ndi wodula, magetsi sanafike kwa ambiri, ndipo kumene anafika amathimathima. Bungwe la WHO limati utsi wa m'nyumba umapha anthu pafupifupi 3 miliyoni pachaka padziko lonse, ndipo amene amaumeza kwambiri ndi mayi wophika pamafuwa ndi khanda lomwe lili kumbuyo kwake. Lamulo la nkhalango linakhwimitsidwa mu 2020. Chabwino. Koma tikamaombera m'manja akamalanda thumba limodzi la bambo wa panjinga, tifunsenso kuti malole odzaza makala amadutsa bwanji pamaloboloko usiku. Ine ndinaona phiri la Ndirande lili ndi mitengo. Ana a lero akuganiza kuti linalengedwa ndi dazi. Dzalanyama, komwe kumachokera madzi a anthu a ku Lilongwe, mpaka anachita kutumizako asilikali kuti akalondere.

Ndipo onani mmene zinthuzi zimalumikizirana. Mu January 2022 namondwe wa Ana anaononga damu la Kapichira, ndipo dziko linataya pafupifupi ma megawatt 130 a magetsi kwa nthawi yoposa chaka. Magetsi atasowa, aliyense anathamangira makala, mapiri anapitirira kumetedwa. Mu March 2023 kunabwera Freddy. Matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe anthu ali m'kati. Omwalira ndi osowa anaposa 1,000, ndipo oposa 600,000 anathawa m'nyumba zawo. Tisanapukute misozi, mu March 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi ya chilala cha El Niño. Tinalira, tinasonkha ufa ndi zofunda, zimenezo tinachita bwino. Koma ndani anabwerera kukafunsa kuti malo osamutsirako anthu afika pati, ndipo akugulitsa mapuloti m'mphepete mwa mapiri ndi mitsinje mpaka lero ndani? Pitani mukaone, pena maziko atsopano akukumbidwa pomwe panadutsa madzi.

Ndikudziwa, wina wophunzira anena kuti Malawi satulutsa utsi wambiri, olakwa ndi maiko olemera. Ukunena zoona mwana wanga. N'chifukwa chake pamsonkhano wa zakusintha kwa nyengo wa COP27 ku Sharm el-Sheikh mu 2022 anagwirizana zokhazikitsa thumba lothandiza maiko oonongekeredwa ngati lathu. Nthumwi zathu zimakwera ndege chaka chilichonse kupita kumisonkhano imeneyi, ndipo zili ndi ufulu wonse woloza chala azungu. Koma zikatera ku KIA, ifenso tili ndi ufulu woziloza chala: mwabwera ndi chiyani, chalowa m'thumba liti, chikafika liti ku Nsanje ndi ku Phalombe? Boma linalonjezanso kubwezeretsa mahekitala 4.5 miliyoni a nkhalango ndi nthaka yoguga pofika 2030. Nyengo yodzala mitengo ikafika timaona akuluakulu atagwira khasu latsopano kutsogolo kwa makamera. Owerenga mitengo yomwe yapulumuka pofika October, lupsa la osaka mbewa litadutsa, sindinawaonepo pa TV. Ndipo amene amayatsa lupsalo si nduna, ndi ana athu omwe.

Chimene chimandichititsa manyazi kwambiri ndi nthawi ya kampeni. Munthu wabwera yekha pakhomo panu kudzapempha ntchito, chipewa chili m'manja. Mpata wake ndi umenewo. Ife timapempha chitenje, mpira wa timu ya achinyamata ndi bokosi la maliro. Bokosi! Tikupempha bokosi m'malo mofunsa chomwe chikutilowetsa m'bokosimo. Safunsa anadya phula, ife tadya utsi.

Musandiuze kuti njira palibe. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga kuchokera kuboma linayamba kugwira ntchito mu September 2020, ndipo limayang'aniridwa ndi Malawi Human Rights Commission. Kalata imodzi yofunsa kuti ndalama ya msika yomwe amayi amadula tikiti tsiku lililonse imapita kuti pomwe zinyalala zikununkha, ikhoza kulembedwa ndi mwana wa Fomu 2. Mawailesi ali ndi mapulogalamu oimba foni. Mabando omwe mumathera pokangana za Bullets ndi Wanderers angakwanire kutumiza chithunzi cha fakitale yotsanulira zonyansa mumtsinje kwa a MEPA. Koma choyamba zimitsani moto wa padzala panu, chifukwa khansala wochenjera adzangokulozerani utsi wanu womwe, inu n'kusowa chonena.

Mnyamata uja ndamuuza kuti Loweruka lino kuli msonkhano wa komiti ya chitukuko kusukulu ya pulaimale, ndipo tipitira limodzi. Iye akafunsa za galimoto ya zinyalala, mawu omwe aja anandifunsira ine, asachotsepo ngakhale limodzi. Ine ndatenga kale kabotolo kopopera mkamwa ka mdzukulu wanga, kaja kanatha usiku uja, ndakaika m'thumba la jekete. Ndikakaika patebulo pamaso pa akhansala.