Akufuna manja athu okha, ana athu ayi

Koma abale nkhani ya ma viza a ku UK iyi ine imandiwawa heavy. Achemwali anga anapita mu 2024 kukagwira ntchito ya care, yosamalira nkhalamba ija, tsoka ilo mapepala anachedwa ndiye pomwe amafunsira viza lamulo linali litasintha kale, kuyambira pa 11 March 2024 ma care worker atsopano saloledwanso kutenga mwamuna kapena ana. Mnzawo amene anafunsira mu February chaka chomwecho anatenga banja lonse, ana ake akuphunzira konko, koma ntchito ndi imodzi, shifiti imodzi, angosiyana masabata ochepa basi.

Pano ana awiri a achemwaliwo ali ndi amayi athu kuno ku Chilomoni. Wamng'onoyo anamusiya ali ndi zaka zitatu. Lamulungu lililonse madzulo timagula bandulo, amayi agwira foni patali ngati galasi, netiweki ikudukaduka, timuitane mwana kuti bwera uwapatse moni amayi ako, iye wathawa wakabisala kuseri kwa chitseko. Tsiku lina anandifunsa kuti amalume, amayi a mufoni aja amagona kuti? Ndinaseka koma mtima unandiwawa, ndipo achemwali sindinawauze mpaka lero.

Ndikudziwa ena munena kuti dziko ndi la eni ake, anapita okha palibe anawakakamiza. Zoona. James Cleverly, nduna ya za m'dziko ya ku UK nthawi imeneyo, polengeza zimenezi mu December 2023 ankadandaula kuti anthu olowa achuluka, chabwino ndi ufulu wawo. Koma tandiuzeni, nesi ndi dokotala pa viza yomweyo ya Health and Care amatenga banja bwinobwino, nde amene akusambitsa agogo awo, kuwadyetsa ndi sipuni, kuwasintha thewera 3 koloko usiku kukuzizira, ameneyo ndiye alibe ana oti amusowe?

Ine zimandikumbutsa za Theba. Agogo athu aamuna anapita ku migodi ku Joni, amagona mu komponi amuna okhaokha, akazi kumudzi kumangodikira kalata ndi bulangete, ena mpaka anatchona osabwereranso. Lero zangotembenuka, ambiri okwera ndege ndi azimayi, otsala ndi ana ndi agogo oti nawonso BP yawavuta kale. Ndalama zikubwera inde, fizi ikulipidwa, nyumba tafolera malata, sindingakane. Koma wamkuluyo walowa Fomu 1 ndipo tsiku lomuperekeza ku sukulu ndinanyamula chikwama ndi ine, amayi ake amaonera pa WhatsApp ali pa buleki ku ntchito.

Ndipo inu amene mukufuna kugulitsa puloti kuti mupatse ma ejenti, dziwani kuti kuyambira pa 22 July 2025 UK inatsekeratu zolemba ma care worker atsopano ochokera kunja. Wina akakuuzani kuti ali ndi COS ya care, chikalata chija chochokera kwa olemba ntchito chofunsira viza, bweretsani mamiliyoni mupita ndi ana omwe, ameneyo akufuna akudyereni basi, musampatse ngakhale 1 kwacha.