Si dzanja la Suárez limene linagwetsa Black Stars ya ku Ghana

Usiku wa pa 2 July 2010 ndinali m'kanyumba koonetseramo mpira, titapanikizana pa mabenchi a matabwa, aliyense atavala juzi chifukwa cha chisanu, ndipo mwini malo anali atayatsiratu jenereta poopa kuti magetsi angatithawe masewero ali mkati. Ghana inkasewera ndi Uruguay ku Johannesburg pa ndime ya matimu asanu ndi atatu ya chikho cha dziko lonse, ndipo inali timu yokhayo ya mu Africa imene inatsala mu mpikisanowo. Sulley Muntari anagoletsa chapatali chigawo choyamba chikutha, Diego Forlán n'kubweza, ndipo pa mphindi yotsiriza ya nthawi yowonjezera Luis Suárez wa Uruguay anatchinga ndi manja mpira umene Dominic Adiyiah anaumenya ndi mutu, umene unali utatsala pang'ono kulowa. Woimbira anamupatsa khadi lofiira n'kuloza penate. Bambo wina wachikulire amene ndinayandikana naye anavula chipewa n'kuchikumbatira pachifuwa. Asamoah Gyan anawomba, mpira unamenya mtanda wa golo n'kuuluka, ndipo m'nyumbamo munangoti zii, moti chimene chinkamveka chinali jenereta yokha. Ghana inatuluka pa mapenate, 4–2.

Kuchokera tsiku limenelo, nkhani ya timu ya Ghana ikangoyambika, anthu amathamangira kutchula dzanja lija, ngati kuti mbiri yonse ya timuyi inathyokera pamenepo. Ine ndikuona mosiyana. Suárez anachita chinyengo chimene malamulo a mpira anachilanga nthawi yomweyo, ndipo Ghana inapatsidwa mwayi woti imalize nkhani koma inauphonya. Chimene chakhala chikudya timu imeneyi chinayamba kale kwambiri iye asanabadwe n'komwe, ndipo chili ku Accra ndi ku Kumasi, osati ku Montevideo.

Kuti izi zimveke, tiyenera kukumbukira mmene timuyi inamangidwira. Ghana inalandira ufulu wodzilamulira mu 1957, ndipo Kwame Nkrumah sankautenga mpira ngati chosangalatsa cha Loweruka masana ayi. Iye ankafuna kuti timu ya dziko lake ionetse kuti munthu wakuda angathe kuyendetsa zinthu zake yekha n'kupambana, n'chifukwa chake timuyo inatenga dzina la nyenyezi yakuda imene ili pa mbendera yawo. Anaika Ohene Djan kukhala mkulu woyang'anira zamasewero, ndipo boma linakhazikitsa kalabu yotchedwa Real Republicans, imene inkatenga osewera abwino kuchokera m'makalabu ena kuti azisewera limodzi chaka chonse. Motero pamene ankavala yunifomu ya dziko, anali anthu odziwana kale mayendedwe, osati alendo okumana pa bwalo la ndege. Mu 1962 anyamata amenewa anafanana mphamvu ndi Real Madrid, 3–3, ku Accra. Chaka chomwecho anatiswa ife a Nyasaland 12–0, ndipo mpaka lero timu yathu sinagonjepo ndi zigoli zochuluka kuposa pamenepa, choncho ulemu umene ndikuwapatsawu uli ndi kachipsera kake.

Zipatso zake sizinachedwe. Mu 1963 anatenga chikho cha mu Africa pakwawo atagonjetsa Sudan 3–0, ndipo mu 1965 anakachiteteza ku Tunis pogonjetsa eni bwalo 3–2. Maulendo onse awiri mphunzitsi anali mwana wa m'dzikomo, Charles Gyamfi, pa nthawi imene mayiko ambiri ankakhulupirira kuti nzeru za mpira zimabwera ndi mzungu basi. Timu imeneyi, ya Osei Kofi ndi anzake, ndi imene ikanatha kukaonekera ku England mu 1966, koma sinapite ngakhale ku masewero achipulula. FIFA inali itapereka malo amodzi okha oti Africa, Asia ndi Oceania alimbirane, ndipo Djan anali mmodzi wa anthu amene anatsogolera mayiko a mu Africa kuti anyanyale. Kunyanyalako kunagwira ntchito, popeza kuyambira mu 1970 Africa inapatsidwa malo akeake, amene Morocco inayamba kuwagwiritsa ntchito. Ghana inataya mwayi wa timu yake yabwino koposa kuti kontinenti yonse ipindule, ndipo zimandikhumudwitsa kuti ochemerera ambiri a masiku ano amadziwa za dzanja la Suárez koma nkhani iyi sanaimvepo.

Sindikunena kuti zonse za nthawi ya Nkrumah zinali zoyera. Kulanda makalabu ngati Asante Kotoko ndi Hearts of Oak osewera awo mwa lamulo la boma kunali kupondereza, ndipo anthu ambiri, makamaka a ku Kumasi, sanakondwere nako. Komanso chinthu chomangidwa pa munthu mmodzi chimagwa naye limodzi. Asilikali atalanda boma mu February 1966, Real Republicans inathetsedwa ndipo Djan anachoka pa udindo. Timu inafikabe mu ndime yotsiriza mu 1968 ndi mu 1970 chifukwa cha mphamvu yotsalira, koma inagonja maulendo onse awiri, 1–0 kwa Congo-Kinshasa ndi 1–0 kwa Sudan. Chimene ndikutenga pa nyengo imeneyo n'chakuti panali anthu amene ankadziwa chimene akufuna, n'kuchikonzekera kwa zaka.

Zikho zina ziwiri zinabwera mu 1978, atagonjetsa Uganda 2–0 ku Accra pansi pa Fred Osam-Duodu, ndi mu 1982 ku Tripoli, kumene Gyamfi anabwereranso n'kugonjetsa Libya pa mapenate. Zikho zonse zinayi zinabwera ndi aphunzitsi a ku Ghana komweko. M'gulu la 1982 munali kamnyamata ka zaka 17 kotchedwa Abedi Pele, ndipo panalibe amene akanaganiza kuti chikho chimenecho n'chomaliza. Patangopita zaka ziwiri, ku Bouaké m'dziko la Côte d'Ivoire, akatswiriwo anatuluka mu ndime ya m'magulu, ndipo masewero amodzi okha amene anapambana anali olimbana ndi Malawi, 1–0, pa ulendo wathu woyamba ku mpikisanowu. Egypt, imene inali m'mbuyo mwawo, lero ili ndi zikho zisanu ndi ziwiri, Cameroon ili ndi zisanu, pamene Ghana idakali pa zinayi zomwe zija patatha zaka zoposa 40.

Anthu amene amakonda kunena za tsoka ali ndi umboni wawo, ndipo sindiupeputsa. Mu 1992 ku Dakar anagonja kwa Côte d'Ivoire pa mapenate, 11–10. Mu 2010 ku Angola, Egypt inawagoletsa chigoli chimodzi masewero atatsala pang'ono kutha. Mu 2012 abale athu a Chipolopolo anawatulutsa mu ndime ya matimu anayi, Kennedy Mweene atagwira penate ya Gyan ndipo Emmanuel Mayuka atagoletsa. Mu 2015 ku Bata anatsogola 2–0 pa mapenate, Côte d'Ivoire itaphonya awiri oyamba, koma anagonjabe 9–8, goloboyi Boubacar Barry atagoletsa yekha penate yomaliza. Kuyambira 2008 mpaka 2017 anafika mu ndime ya matimu anayi maulendo asanu ndi limodzi motsatizana osabwerako ndi chikho. N'zoona kuti tsoka silinunkha, koma likamagwera khomo limodzi lokhalokha kwa zaka zonsezi, mwini nyumba ayenera kuunika zimene zikuchitika m'nyumba mwake.

Taonani za 1992 zomwezo. Ghana inali ndi Abedi Pele, amene anasankhidwa kukhala wosewera wabwino koposa mu Africa zaka zitatu zotsatizana kuyambira 1991, komanso Tony Yeboah, amene pambuyo pake anakhala womwetsa zigoli zambiri mu ligi ya ku Germany kawiri. Abedi sanasewere ndime yotsiriza chifukwa cha makhadi achikasu, ndipo m'malo mwake ukaputeni unapatsidwa kwa Tony Baffoe, wobadwira ku Germany, osati Yeboah amene ambiri ankamuyembekezera. Nkhani ya ukaputeniyo imakambidwabe ku Ghana mpaka lero ngati chimodzi mwa zinthu zimene zinagawa timuyo. Mbadwo umenewo, ndi luso lake lonse, sunapondeko ku chikho cha dziko lonse. Ghana inakafikako koyamba mu 2006, Cameroon, Nigeria ndi Senegal zitaonekerako kale, ngakhale kuti achinyamata ake anali atatenga chikho cha dziko lonse cha osaposa zaka 17 mu 1991 ndi mu 1995, komanso mendulo ya malo achitatu pa Olympics ya ku Barcelona mu 1992. Luso silinasowepo m'dzikomo.

Kwa ine, chimene chinavumbula matenda enieni ndi zimene zinachitika ku Brazil mu 2014. Timu imene inafanana mphamvu 2–2 ndi Germany, imene inadzatenga chikhocho, inathera masiku otsatira ikukangana ndi akuluakulu ake za ndalama zimene osewera analonjezedwa koma sanazilandire. Osewerawo anali atasiya kukhulupirira mawu a atsogoleri awo, moti boma linachita kutumiza ndalama zokwana pafupifupi madola 3 miliyoni pa ndege, zili m'zikwama, dziko lonse likuonerera pa wailesi yakanema. Muntari ndi Kevin-Prince Boateng anathamangitsidwa m'kampu atatsala maola ochepa kuti akumane ndi Portugal, ndipo anagonja 2–1 n'kubwerera kwawo. Ena anadzudzula osewera kuti ndi adyera, ndipo mwina ena mwa iwo analidi otero, koma munthu saumirira ndalama za m'manja ngati sanapusitsidwepo m'mbuyomo. Patapita zaka zinayi, mtolankhani Anas Aremeyaw Anas anaulutsa kanema amene anajambula mobisa, woonetsa oimbira mpira ndi akuluakulu akulandira ziphuphu. Mkulu wa bungwe la mpira, Kwesi Nyantakyi, anatula pansi udindo ndipo FIFA inamuletsa kuchita nawo zampira, bungwelo linaimitsidwa, ndipo ligi yeniyeni ya m'dzikomo inakhala chiimire kwa nthawi yoposa chaka. Suárez analibe nawo mbali m'zonsezi.

Zotsatira zake taziona ndi maso athu. Mu January 2022 ku Cameroon, Comoros, imene inali pa ulendo wake woyamba, inawagonjetsa 3–2 n'kuwatulutsa mu ndime ya m'magulu, pa mpikisano womwewo umene Flames inadutsa ndimeyo. Kumapeto kwa chaka chimenecho pa chikho cha dziko lonse ku Qatar anakumananso ndi Uruguay, anthu n'kumati nthawi yobwezera yakwana, koma André Ayew anaphonya penate ndipo anagonja 2–0. Mu January 2024 ku Abidjan ankatsogola 2–0 polimbana ndi Mozambique mphindi 90 zitakwana, kenaka anagoletsetsa ziwiri mu nthawi yowonjezera n'kulongedza katundu. Pakati pa 2020 ndi 2024 udindo wa mphunzitsi unasintha manja kasanu: Charles Akonnor, Milovan Rajevac, Otto Addo, Chris Hughton, kenaka Otto Addo kachiwiri. Palibe mphunzitsi amene angamange timu akudziwa kuti masewero atatu oipa ndi okwanira kumuchotsetsa ntchito, makamaka pamene osewera ake ambiri amawaona masiku ochepa okha akabwera kuchokera ku Ulaya.

Chimene chinandipweteka koposa ndi masewero achipulula a chikho cha mu Africa cha 2025. Ghana inamaliza pansi pa gulu lake, kumbuyo kwa Angola, Sudan ndi Niger, osapambana ngakhale kamodzi pa masewero asanu ndi amodzi, ndipo kanali koyamba kuphonya mpikisanowu kuchokera mu 2004. Atagonja 1–0 kwa Angola ku Kumasi, CAF, bungwe loyendetsa mpira mu Africa, inaletsa kwa kanthawi bwalo la Baba Yara kuchititsa masewero a mayiko chifukwa kapinga wake anali woonongeka, bwalo limene limatchedwa dzina la mmodzi wa akatswiri a nthawi ya Nkrumah. Sudan, dziko limene linali pa nkhondo ndipo masewero ake apakhomo linkachitira m'mayiko ena, inawagonjetsa 2–0 ku Libya n'kupita ku Morocco. Mphunzitsi wa Sudan anali Kwesi Appiah, mbadwa ya ku Ghana, yemwe anali pa benchi monga mphunzitsi wa Ghana ku Brazil tsiku limene ndege ya ndalama inatera.

Ndikudziwa kuti wina andiyankha kuti timu yomweyo inapeza malo ku chikho cha dziko lonse cha 2026, ulendo wake wachisanu, Mohammed Kudus atagoletsa chigoli chogonjetsera Comoros ku Accra mu October 2025. N'zoona, ndipo ndinakondwera nawo. Koma malo a Africa pa mpikisanowu anawonjezedwa kuchoka pa asanu kufika pa asanu ndi anayi otsimikizika, ndipo dziko lokhala ndi osewera ngati Kudus, Thomas Partey ndi Antoine Semenyo siliyenera kuyesa kungofikako ngati chipambano. Gyan, amene anthu amamukumbukira ndi mtanda wa golo uja, ndi amene anayamba kuwomba kumbali ya Ghana pa mapenate a usiku womwewo patangopita mphindi zochepa, ndipo anagoletsa. Anapuma mpira ali ndi zigoli 51 za dziko lake, zisanu ndi chimodzi mwa izo pa chikho cha dziko lonse, koma chikho cha mu Africa sanachigwirepo ndi manja ake.