Za pasta, yambirani kufakitale, miyuziyamu ibwere pambuyo

Maganizo anga kwa amene muli ndi ulendo wa ku Italy ndipo mukufuna kuona momwe supageti ndi makaroni amapangidwira: musayambire ku miyuziyamu. Makina akale ongoimikidwa pakona sanena kanthu kwa munthu amene sanaonepo anzake akugwira ntchito. Yambirani ku Gragnano, tauni yaing'ono kufupi ndi Naples. Mukwera sitima ya Circumvesuviana mpaka Castellammare di Stabia, kenako mukwera basi, ndipo mwafika.

Lembetsani malo kufakitale ya pasta musananyamuke, ndipo funsani mwachindunji ngati makina adzakhale akuyenda tsikulo. Pitani m'mawa, mkati mwa sabata. Pakati pa Ogasiti pewani, chifukwa cha m'ma 15 Ogasiti mafakitale ambiri amatseka anthu ali patchuthi. Valani nsapato zotseka zala, mphete ndi ndolo muzisiye, kumutu adzakuvekani kachipewa kophimba tsitsi.

Zosakaniza ndi ziwiri basi: madzi, ndi ufa wa tirigu wolimba wotchedwa durum, wachikasu komanso wokhakhala ngati mgaiwa. Mazira mulibe. Pasta ya Gragnano inalandira chizindikiro cha IGP cha European Union mu 2013, chotsimikizira kuti inapangidwadi m'deralo, ndipo malamulo ake amafuna madzi a m'dera lomwelo, ochokera m'mapiri a Lattari. Osayembekezera phala lofewa ngati la mandasi. Madzi amangokhala pafupifupi magawo 30 pa 100, moti ukafumbata limayoyoka.

Pamene muyenera kuima nthawi ndi pachikombole. Makina amakankha phalalo mwamphamvu kudutsa m'mabowo a chikombole cha mkuwa, mpeni wozungulira n'kumadula. Pemphani mugwire kachidutswa kakadali kotentha. Kamakhala kotuwa, kokhakhala kuzala, ndipo kukhakhalako n'kumene kumagwira msuzi. Chikombole chokutidwa ndi pulasitiki yoterera yotchedwa Teflon chimatulutsa pasta yosalala, yowala, yokongola m'paketi, koma tomato amangotsetserekapo n'kutsalira pansi pa mbale.

Kuumitsa ndiye kumene kuli luso lenileni, ngakhale n'kumene alendo amadutsa mwachangu chifukwa ndi zipinda zotseka zopanda chojambula. Chinyezi chiyenera kutsika mpaka magawo 12.5 pa 100. Ukaumitsa mofulumira, kunja kumauma mkati mukadali monyowa, ndiye pamabwera ming'alu ting'onoting'ono, pasta n'kudzathetheka mumphika. Ukachedwetsa kwambiri imasasa kapena kuchita nkhungu. N'chifukwa chake amaumitsa kunja pang'ono, kuipumitsa kuti chinyezi cha mkati chifalikire, kenako kupitiriza. Ku Gragnano kutentha kumakhala pakati pa madigiri 40 ndi 80, kwa maola 6 mpaka 60 malingana ndi mtundu wake. Funsani wokuperekezaniyo maola awo ndi angati. Yankho lake likuuzani chifukwa chake paketi yawo ili yodula.

Mukatuluka, yendani mu Via Roma. Kale supageti ankayanikidwa pandodo mumsewu womwewu, ndipo unayalidwa moti mphepo ya kunyanja ndi ya kumapiri izidutsamo. Chakumunsi kuli Valle dei Mulini, chigwa cha zigayo zakale zoyendera madzi.

Tsopano miyuziyamu imveka. Miyuziyamu ya pasta, Museo della Pasta, ili kutali kumpoto, ku Collecchio pafupi ndi Parma, mzinda umene Pietro Barilla anatsegula shopu yake mu 1877. Ili pa Corte di Giarola, malo amodzi ndi miyuziyamu ya tomato, choncho tsiku limodzi mumaona zonse ziwiri. Kumeneko mphero, makina ofinyira ndi zikombole zakale mudzazizindikira nokha popanda wokulozerani.

Pogula zobwera nazo, sankhani zazifupi monga paccheri kapena fusilli, muziike pakati pa zovala. Supageti wamtali amathyoka m'sutukesi.