Inu olipira otaya zinyalala, mukudziwa amene akusenza thumba lanu?

Tikulankhula ndi inu eni malo ogona alendo kuyambira ku Monkey Bay mpaka ku Mangochi Boma, eni malesitilanti ndi mashopu, akuluakulu a makomiti a misika, ndi inu ogula zitsulo zakale ndi mabotolo pa sikelo. Mukangoona kuti bini yapepuka, mtima wanu umakhala m'malo. Kuti wakokolola zinyalalazo ndani, ali ndi zaka zingati, walandira zingati, wagona kuti, simufunsa. Kusafunsa kumeneku ndi kumene kumanenepetsa anthu odyera anzawo masuku pamutu.

Ndalama yanu imayenda motere. Mumapatsa kontilakita. Iye alibe antchito okhazikika, amabwereka lole kapena ngolo n'kuitana kapitawo. Kapitawo ndiye amapita kumidzi, ku Makanjira, ku Katuli, ku Namwera, mwina kuwoloka pa Chiponde kulowa m'Mozambique, kukatenga anyamata powalonjeza ntchito m'tauni. Dzanja lililonse limene ndalamayo yadutsamo limatapako, ndipo wonyamula thumba uja amatsala ndi nsima ya masana basi. Kumtaya nako kuli ena, amayi ndi ana otola mabotolo, zitini ndi mawaya, amene amagulitsa kwa dobadoba mmodzi yekhayo chifukwa anawakongoza.

Msamphawo ndi ngongole. Mnyamata asanagwire n'komwe fosholo amauzidwa kuti ali ndi ngongole ya thiransipoti. Mawa lake awonjezerapo chakudya, malo ogona, sopo, ngakhale thumba limene akutoleramo. Mwezi ukatha amamuuza kuti malipiro apita kungongole, koma buku la ngongoleyo saliona. Chitupa chake cha unzika ndi foni zili m'thumba mwa kapitawo, eti kuti zisasowe. Akati apite kwawo amamuopseza kuti akamangitsidwa ngati wakuba. Ngati anawoloka malire opanda zikalata, amamuopseza ndi a ofesi yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko. Palibe unyolo, palibe chingwe, koma munthuyo sangachoke. Imeneyo ndi ntchito yokakamiza, ndipo kumutenga kwawo mwachinyengo kuti adzagwiritsidwe ntchito motero ndiko kuzembetsa anthu. Musaganize kuti mpaka munthu atengeredwe ku Joni. Ngakhale kuchoka ku Malindi kudza ku Boma, mlandu ndi womwewo.

Lamulo silinabise mawu. Gawo 27 la malamulo aakulu a dziko lino limaletsa ukapolo ndi ntchito yokakamiza. Lamulo lothana ndi kuzembetsa anthu la 2015 limapereka zaka mpaka 14 kundende kwa wozembetsa munthu wamkulu, ndi zaka mpaka 21 kwa wozembetsa mwana. Pa mwana wosakwana zaka 18, zoti anavomera yekha kapena makolo analola sizikupulumutsani. Lamulo la ntchito la 2000 limaletsa kulemba mwana wosakwana zaka 14, ndipo wosakwana 18 saloledwa ntchito yoika moyo wake pachiswe. Nanga zinyalala zosakanikirana ndi magalasi osweka, majekeseni, mabatire otuluka asidi ndi matewera si chiswe chimenecho? Kolera ya 2022 ndi 2023 inatipweteka kwambiri kuno ku Mangochi, komabe tikuona ana akufukula m'mabini ndi manja, mapazi ali pamtunda.

Tsono musanasaine ndi kontilakita, yambani mwawerengera mtengo wake. Tengani mafuta a ulendo wopita kumtaya ndi kubwerera, onjezani malipiro a tsiku a munthu aliyense pa mlingo wochepetsetsa umene boma linalengeza, onjezaninso magolovesi olimba, magambuti, zotchinga pamphuno ndi sopo. Ngati iye akutchula mtengo wosafika pamenepo, musakondwe kuti mwapeza wotchipa. Chotsalacho akulipira ndi thukuta la munthu wina.

Pangano likhale lolembedwa, ndipo munene momveka kuti sadzapatsira ntchitoyo munthu wina inu osadziwa. Akupatseni mndandanda wa mayina a onse okwera pa lole, zaka zawo ndi midzi yawo. Chitupa mudzachione chili m'manja mwa mwiniwake, osati mwa kapitawo. Chikatuluka m'thumba la kapitawo, mwadziwa kale zimene zikuchitika. Malipiro apite kwa munthu aliyense payekha, makamaka pa Airtel Money kapena Mpamba pa nambala yake, chifukwa pamenepo pamatsala umboni. Mayina asanu akamalandirira pa nambala imodzi, funsani kuti nambalayo ndi ya yani. Maola a ntchito pa sabata ndi 48, opitirira apo ndi ovataimu yolipidwa. Zovala zodzitetezera agule ndi bwana, asadule pa malipiro.

Mapepala okha asakukhutitseni, pakuti pepala silikana cholembera. Dzukani m'mawa tsiku limene sakukuyembekezani, muone ngati nkhope zili pa lole ndi zomwe zili pa mndandanda. Mutengereni pambali wantchito mmodzi, kapitawo asamve, mumufunse m'chiyankhulo chimene amamasuka nacho, Chiyao ngati n'kotheka. Mafunso ake ndi ochepa: unalandira liti komaliza, unalandira zingati, ukafuna kupita kwanu lero ungapite, umagona kuti ndipo chitseko amatseka ndani? Akamayang'ana kaye kwa kapitawo asanayankhe, kapena onse akamayankha mawu amodzimodzi ngati oloweza, pali chobisika. Kamodzi pa kanthawi tsatirani loleyo mpaka kumtaya, muone amene akutsitsa.

Inu a sikelo, tikudziwa kuti phindu lanu ndi la pa kilo, koma mwana akabwera ndi thumba la mabotolo nthawi ya sukulu tsiku ndi tsiku, ndalama n'kulandira bambo woima patali amene si kholo lake, inu mukugula chiyani? Lembani dzina la aliyense wokugulitsani, ndipo lekani kukongoza otola ndi cholinga choti asagulitse kwina. Nanunso makolo ndi mafumu, mwana wa mnzako ngwako yemwe. Wobwera m'mudzi kudzafuna anyamata atchule dzina la bwana, malo enieni a ntchito ndi malipiro pamaso pa mfumu, ndipo kandalama kosiyira makolo musakalandire, pakuti ndi komweko kadzasanduke ngongole ya mwanayo.

Mukapeza zoterezi, musathamangire kukalipira kapitawo. Akangodziwa kuti mwatulukira, usiku womwewo amasamutsa anyamatawo ndipo umboni umatha. Musangothetsanso kontilakiti mwakachetechete, chifukwa antchitowo amatayidwa pamsewu opanda malipiro awo. Lembani tsiku, malo, nambala ya galimoto ndi zimene mwaona ndi maso, mukanene ku Victim Support Unit ya polisi yapafupi ndi ku ofesi ya zantchito ya boma. Ngati pali mwana, dziwitsaninso ofesi yoona za chisamaliro cha anthu, kapena imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana. Ndalama imene munatsala nayo ya kontilakitayo igwireni kaye mpaka a ofesi ya zantchito atawerengera zimene wantchito aliyense akuyenera kulandira.