Za tsitsi lothothokali tiyeni tikambeko

Loweruka ndinali ku saloni ndiye panabwera mayi wina ndi kamwana kake ka zaka mwina 7, akuti kalukidwe zolimba zoti zithe mwezi. Abale inu mmene ankakokera tsitsi la mwana uja mpaka khungu la pamphumi kuchita kunyamuka, mwana misozi ili chuchuchu, mayi ake maso ali pa foni akungoti "khala bwino iwe, ukufuna ukaoneke ngati ndani kutchalitchi mawa?" Ine zinandipweteka kwabasi poti langa la m'mbalimu linapita choncho.

Ndinayamba meshi nditangomaliza Form 4. Kuluka, kumasula, tsiku lomwelo kuthira mankhwala owongola, mawa lake kulukanso. Tsiku loluka ndinkagona nditamwa panado, kukhosi kuli timatuza, ine n'kumati ndiye kuti andigwira bwino. Litayamba kubwerera m'mbuyo asisi ondiluka anangoti musadandaule tiziphimba, ndipo anaphimbadi, zaka ndithu, kenako kunabwera mawigi a guluu aja n'kumalizitsa totsala. Mafuta a nsatsi ndapaka, anyezi ndapaka mpaka bambo a kunyumba kusamukira pa mkeka kkkk, timabotolo togula pa WhatsApp tosalemba n'komwe zomwe aikamo, ndalama zinapita.

Nditalimba mtima kupita kuchipatala china, amene ndinawapeza anandiyang'ana n'kuti "mayi, panjapa pali anthu odwala, inu mwabwerera tsitsi?" Ndinatuluka ndi manyazi ngati ndaba. Patapita zaka ndi pomwe ndinaonana ndi dokotala wa khungu, iye anatenga nthawi kuyang'ana n'kundiuza kuti kukoka kuja kumayamba ndi kutupitsa mizu ya tsitsi, ukasiya msanga limameranso, koma ukapitiriza pamachita chipsera ndipo pachipsera sipamera kanthu olo upake chani. Anandilembera mankhwala omeretsa tsitsi otchedwa minoxidil a malo omwe mizu inali ikadalipo, n'kundichenjeza kuti ndidikire miyezi 3 mpaka 6 ndisanaone kusintha. Pena panameradi. Pamwamba pa makutupa ayi, mpaka lero mpoterera.

Chomwe chimandinyansa n'choti timangoti "tsitsi likuthothoka" ngati vuto ndi limodzi. Mayi akabereka, pakatha miyezi 3 kapena 4 tsitsi limayoyoka lambiri, zimenezo zimatha zokha, koma ndani amatiuza ku sikelo? Amatiuza za phala, za katemera, za kulera, izi ziii, ndiye mtsikana wa mwana woyamba amangolira yekha kubafa. Wina ndi kuchepa kwa magazi, wina chithokomiro, zonse zoti akakuyeza zimapezeka ndipo mankhwala ake alipo. Wina ndi chipere. Winanso amangodzuka n'kupeza kadazi kozungulira ngati ndalama yachitsulo, kosalala bwinobwino, ndiye kwathu kuno nkhani yatha, afiti amumeta usiku, ayambe kuloza zala azakhali ake. Chonsecho amenewo ndi matenda otchedwa alopecia areata, chitetezo cha m'thupi chimalimbana ndi mizu ya tsitsi la mwini wake. Mukukumbuka mu 2022 Will Smith atamuwomba mbama Chris Rock pa ma Oscar chifukwa choseka mutu wa Jada Pinkett Smith, mkazi wa Will, yemwe ali ndi matenda amenewa? Tinaseka mbamayo sabata yonse pa Facebook pano, za matenda a mayi uja sitinafunse.

Nanga pakamwa pathu. Mzimayi akameta mpala timufunsa kuti mwafedwa kodi. Tsitsi likapepuka tiyamba kunong'onezana kuti ayamba kumwa mankhwala aja, ngati tikadali m'masiku akale aja. Amene akulandira mankhwala a khansa, tsitsi lonse litachoka, timamuyang'ana duku m'malo momupatsa moni. Ndiye mukudabwa kuti anthu amabisa mpaka mochedwa?

Maganizo anga ndi oti nkhaniyi iyambire ku saloni. Palibe dokotala amene amaona pamutu pathu mwezi ndi mwezi, koma wotiluka amaona, ndi amene amayamba kudziwa kuti pa liwombo payamba kuyera. Masukulu ophunzitsa za tsitsi aziwaphunzitsa kuzindikira zimenezi, ndipo asisi athuwa azilimba mtima kunena kuti mayi ulendo uno sindikulukani, pumitsani mutu, pitani akakuoneni. Ndikudziwa ndi ndalama yothawa imeneyo, geni ndi yovuta masiku ano, koma kasitomala wopanda tsitsi mudzamuluka chani? Ndipo azachipatala chonde, ngati simungathe kuthandiza tilembereni kalata tipite ku kiliniki ya khungu ku Queens kapena ku Central, osati kutiseka.

Mayi wa ku saloni uja ndinayesa kumuuza bwinobwino kuti mwanayu akumukoka kwambiri. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi n'kuti "inuyo lanulo mwatchena nalo bwino bwanji, wangayu asatchene?" Ndinangovula wigi pompo n'kuiyika pamiyendo. Saloni yonse chete, wailesi yokha ikulira. Patapita kanthawi ndinamva mayi uja akuuza woluka kuti mizere iwiri yakutsogoloyo amasule ayambirenso.