Omeprazole wa tsiku ndi tsiku uja akundidetsa nkhawa

Abale anga kuno ku Thyolo, momwe tikumwera omeprazole sizikundisangalatsa. Munthu akangomva kutentha pamtima, basi wadziyeza yekha kuti ndi maalsa, wakagula makapisozi pa Luchenza kapena pa Bvumbwe, n'kumamwa miyezi, ena mpaka zaka, dokotala osamuona.

Mankhwalawa amathandizadi chifukwa amachepetsa asidi wa m'mimba. Koma asidiyo ali ndi ntchito yake. Vitamini B12, amene timamupeza mu usipa, mazira, chiwindi ndi mkaka, amakhala womatirira ku chakudyacho, ndipo asidi ndiye amamumasula kuti matumbo amutenge. Asidi akachepa kwa nthawi yaitali, ndiwo mumadya ndithu koma vitamini wambiri amangodutsa. Ayironi nayenso amavuta kulowa, kuphatikiza apo tiyi wathuyu, tikamamwera pa chakudya, amatchinga ayironi wa m'nyemba ndi m'masamba.

Vutoli limabwera mwakachetechete, poti thupi limasunga B12 wa zaka zingapo. Pofika poti munthu azimva dzanzi m'mapazi, kufooka, kuiwalaiwala, kuchepa magazi, ndani angaganizire kakapisozi kam'mawa kaja? Chonsecho mitsempha ikawonongeka kwa nthawi yaitali, nthawi zina siichira yonse.

Mtima wanga uli kwambiri pa makolo athu odwala shuga. Metformin, mankhwala a shuga amene ambiri amamwa, naye amasokoneza kalowedwe ka B12 kumapeto kwa matumbo aang'ono. Agogo akadandaula dzanzi, tonse timangoti ndi shuga yemweyo, pomwe mwina ndi vitamini amene akusowa, chinthu chochizika ndi jakisoni kapena mapiritsi. Nanga akamamwa onse awiri, metformin ndi omeprazole?

Chonde, wina asasiye metformin chifukwa cha zomwe ndalembazi. Amateteza moyo. Chomwe ndikupempha n'chakuti mukapita ku kiliniki ya shuga, nenani za dzanzilo, nenaninso mankhwala onse amene mumagula nokha, ndipo funsani za B12. Inunso a zaumoyo, tikudziwa mzere umakhala wautali, koma tifunseni zaka zomwe tamwa mankhwalawa.

Za maalsazo, kawirikawiri gwero lake ndi kachilombo ka H. pylori kapena kumwa kwambiri brufeni ndi asipirini. Kachilomboko kali ndi mankhwala ake a milungu yochepa, ndipo omeprazole payekha sakapha.